Pakamwa Pobwereka: Kalata kwa Mwana Wanga Wopita ku Washington

Mangochi

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi adzukulu anga. Ife kuno tilipo, kungoti kutentha kwa chaka chino kwatifoola, moti mayi ako amayala mkeka pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Uthenga wako woti a ku unduna akutumiza ku ofesi ya kazembe wathu ku Washington tinaulandira ndi manja awiri, ndipo azakhali ako, ngakhale sadziwa kumene kuli Washington, anaimba nthungululu mpaka oyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati pakhomo pano pabadwa mwana. Pa foni paja sindinathe kunena zonse zimene zinali kukhosi kwanga, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe, kuti udzawerenge uli m'ndege, kapena tsiku lina zinthu zikadzakuthina uli kutali.

Ndikufuna ndikuuze za munthu amene anayamba kukhala pampando waukulu wa ofesi imene ukupitayo, malemu David Rubadiri. Dzina lawo ukulidziwa chifukwa cha ndakatulo zawo, zimene unkaphunzitsa ana a ku sekondale usanasiye choko n'kulowa ku unduna, koma ambiri a msinkhu wako sadziwa kuti iwowa ndiwo anali kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku bungwe la United Nations, ndiponso kuti pampandopo sanakhalitsepo.

Anabadwa mu 1930 ku Liuli, tsidya lija la nyanja, m'dziko limene nthawi imeneyo linkatchedwa Tanganyika, ngakhale banja lawo ndi la ku Likoma. Mfuti yaikulu ija ili pafupi ndi chipilala cha wotchi pa boma pano, imene unkakakamira kukwerapo uli wamng'ono, inachokera pa sitima ya Guendolen, ndipo kumene sitimayo inakawombera sitima ya Ajeremani mu Ogasiti 1914 ndi ku Liuli komweko. Nyanja yathuyi inayamba kalekale kutilowetsa m'nkhani za mayiko. Sukulu anakaphunzira ku Uganda, poyamba ku King's College Budo, kenaka ku Makerere. Atabwerera anayamba uphunzitsi, ndipo mu 1959, pamene boma la atsamunda linagwira anthu a chipani cha Nyasaland African Congress, nawonso anatsekeredwa. Atatuluka anakapitiriza maphunziro ku Cambridge, n'kudzakhala mkulu wa koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill. Choncho pamene dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964 n'kuyamba kusakasaka anthu oti likawatume kunja, anapeza mphunzitsi wa zaka pafupifupi 34, amene ntchito ya ukazembe anali asanaigwirepo, pakuti panalibe Mmalawi amene anali ataigwirapo.

Pa 18 Ogasiti 1964 analowa ku White House kukapereka kwa Pulezidenti Lyndon Johnson zikalata zowatsimikizira kuti ndiwo mthenga wa dziko la Malawi. Uganizire dziko limene analowamolo. Lamulo loletsa tsankho m'malo odyera ndi ogona Johnson anali atalisaina pa 2 Julayi chaka chomwecho, kutangotsala masiku anayi kuti ife tikweze mbendera yathu. Zaka zochepa m'mbuyo mwake, akazembe a ku Africa oyenda pa msewu wa Route 40, pakati pa Washington ndi New York, ankabwezedwa pakhomo la lesitilanti chifukwa cha khungu, ali ndi zikalata za ukazembe m'thumba. Munthu wakuda, wochokera ku dziko limene ambiri anali asanamvepo dzina lake, ankayenera kuimirira pamaso pa eni chuma n'kupempha thandizo popanda kuoneka ngati wopemphetsa. Luso limenelo ndi lovuta, ndipo iwenso udzalifuna sabata yoyamba yomweyo, chifukwa mpaka lero tikupemphabe. Ukamadzalankhula za umphawi wathu, usadzachite manyazi nawo, komanso usadzaukometsere kuti omvera agwidwe chisoni. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Kuti umvetse chimene ndikufuna kunena pa nkhani ya a Rubadiri, ndiyambe ndakuuza za manyazi anga, amene mayi ako amawakumbutsabe akafuna kundiseka. Ndili mphunzitsi wachinyamata, akuluakulu a mbumba yathu anandituma ngati nkhoswe ya mwana wa mlongo wanga ku mudzi wina wa ku Namwera, kukamva za kuchimuna pa nkhani zina zotsalira za ukwati. Anandilandira bwino koposa: madzi osamba m'manja ofunda, mpunga wa mafuta, nkhuku yathunthu, ndipo aliyense ankangoti “aphunzitsi, aphunzitsi.” Nditakhuta, mkulu wina anafunsa mofatsa ngati kwathu kungakhale chovuta mtsikanayo atatengedwa chitengwa, kukakhala kwa mwamuna. Ine, poona ulemu wonse uja, ndinayankha kuti palibe chovuta. Nditafika kumudzi n'kufotokoza, malume anga anandiyang'ana nthawi yaitali, fodya ali pachala, kenaka anafunsa kuti, “Kodi mawu amenewo tinakupatsira ndife, kapena unawatola panjira?” M'mawa mwake ndinakankha njinga chitunda chonse cha ku Chowe kubwerera ku Namwera kukabweza mawu anga, ndipo ulendo wachiwiriwo nkhuku sinaphedwe.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti wotumidwa amayenda ndi pakamwa pobwereka. Kazembe ndi nkhoswe ya dziko. Chimene wanena pa phwando, kapena pa msonkhano, kapena kwa mtolankhani amene wamuimitsa pakhomo, chimawerengedwa kuti chanenedwa ndi Malawi, ndipo chimene Malawi wachita kuno, chabwino kapena choipa, woyankha kumeneko ndi iyeyo. Zinthu zikakhala pamtendere, ntchito imeneyi imangofuna kusamala. Imasanduka mtolo wolemera pamene amene anakutuma ayamba kuchita zimene mtima wako ukukana.

Ndi zimene zinawagwera a Rubadiri, ndipo zinabwera mofulumira kwambiri. Patangotha masabata atatu chiperekereni zikalata zija, pa 7 Sepitembala 1964, Kamuzu anachotsa nduna zitatu, Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi, pamodzi ndi mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula okha pansi maudindo, ndipo Masauko Chipembere, phungu wathu wa Fort Johnston (dzina lakale la Mangochi), amene anali ku Canada, atabwera anatsata anzakewo. Zimene ankakangana zinali zingapo: ndalama ya tiki imene odwala anayamba kulipira ku chipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, azungu amene anali akadali pa mipando ikuluikulu, ndiponso kuti Kamuzu ankafuna kulamula chilichonse yekha. Koma mbali yaikulu inali ya zakunja, ntchito yako yomweyi. Nduna zinkafuna kuti tigwirizane ndi China ya ku Peking ndi kutalikirana ndi Apwitikizi a ku Mozambique ndi maboma a azungu a kumwera, pamene Kamuzu ankati dziko lopanda doko, limene katundu wake amadzera ku Beira, silingayambane ndi mwini njira. Chiume ndiye anali nduna ya zakunja, kutanthauza kuti bwana wa kazembe wathu ku Washington anasanduka mdani wa boma usiku umodzi, n'kuthawira ku Tanzania.

Ntchito sinaime. Pa 1 Disembala 1964 Malawi analandiridwa kukhala membala wa United Nations, tsiku limodzi ndi Zambia ndi Malta, ndipo Kamuzu anapita ku New York kukalankhula ku msonkhano waukulu. Ndimayesa kuganiza za kazembe wachinyamatayo m'masiku amenewo: masana akumwetulira ndi kugwirana chanza ndi nthumwi za mayiko, akuyamikiridwa chifukwa cha ufulu watsopano, usiku akuwerenga makalata onena kuti uje wathawa, uje wamenyedwa, uje watsekeredwa, onsewo anthu a msinkhu wake amene anamenyera nawo ufulu womwewo.

Zotsatira zake ife a kuno tinaziona ndi maso. Ndinali mnyamata wa ku pulayimale pamene usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 tinadzidzimuka ndi kulira kwa mfuti cha ku boma. Agogo ako anatilowetsa tonse kuchipinda n'kuzimitsa koloboyi, ndipo tinakhala chete mpaka tambala woyamba. Kutacha tinamva kuti anthu a Chipembere athyola polisi ndi positi ofesi, atenga mfuti, ndipo akwera malole kulowera ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza chombo chowolotsa magalimoto chili tsidya lina la Shire, ulendo n'kuthera pomwepo. Masabata otsatira anali a mantha okhaokha. Asilikali anadzaza boma lino, midzi ina ya kutsidya inatenthedwa, anthu ambiri anatengedwa. Ndikukumbukira agogo ako atagwada pa mafuwa, akuponya pamoto nyuzipepala zakale zimene anazisunga m'sutikesi kuyambira nthawi ya Chitaganya, chifukwa zina zinali ndi chithunzi cha munthu amene dzulo lake tinkamuimbira nyimbo. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, kungonena kuti kwanu ndi ku Mangochi kunkachititsa anthu ena kukuyang'ana kawiri.

M'chaka chomwecho cha 1965 a Rubadiri anasemphana ndi Kamuzu n'kusiya ukazembe. Anasiya nyumba ya boma, galimoto ya mbendera ndi malipiro, ndipo choposa zonsezo anadzitsekera njira ya kwawo, pakuti masiku amenewo munthu wotchedwa chigawenga sankabwera ngakhale kumaliro a mbale wake. Anakhala kunja zaka pafupifupi 30.

Pano ndiye pali fundo imene yandichititsa kutenga cholembera. Anthu akamakamba nkhani imeneyi amatama kulimba mtima, ndipo akunena zoona. Koma ine, monga mphunzitsi mnzawo, ndimaona chinthu china: anatha kuchoka chifukwa anali ndi kolowera. Atavula jekete la ukazembe, mkati munali mphunzitsi. Anabwerera ku Makerere kukaphunzitsa, ndipo ulamuliro wa Idi Amin, umene unayamba mu 1971, utafika poipa, anasamukanso kachiwiri, ulendo uno kupita ku yunivesite ya Nairobi. Anaphunzitsakonso pang'ono ku Ibadan, ku Nigeria, ndipo kuyambira mu 1984 anakhazikika ku yunivesite ya Botswana. Konseko ankadya za choko. Munthu amene alibe luso lina koma mpando umene wapatsidwa sangathe kukana chilichonse, chifukwa akakana ana ake agona ndi njala. Amayamba ndi kumeza zazing'ono, mapeto ake amapezeka akuikira kumbuyo zinthu zimene ali mwana akanalavula. Ndawaona anthu otere, ena ophunzira kuposa ine, ndipo sindiwaweruza mwankhanza, koma sindifuna kuti iwe udzafanane nawo.

Tsono satifiketi yako ya uphunzitsi usaiyese chinthu chakale chimene unachipitirira. Uisunge pabwino, uziwerengabe mabuku, ndipo ngati kumeneko kungapezeke mpata wa sukulu ya madzulo, uwonjezere maphunziro m'malo mothera madzulo onse ku maphwando. Puloti ija unagula cha ku Mpondasi uyambe kuimanga chaka choyamba chomwe, ngakhale zipinda ziwiri zokha. Makalata oitana anthu kuti abwerere kumudzi amabwera mosagogoda, makamaka boma likasintha, ndipo taonapo ena akutsika ndi kontena yodzaza mipando ya chikopa ndi mafiriji awiri, koma opanda denga loti aziikemo.

Usandimve molakwa, ngati ndikukutuma kuti uzikatula pansi udindo nthawi iliyonse imene wasemphana maganizo ndi akuluakulu. Kawirikawiri udzatumidwa kukanena zimene iwe ukanazinena mwina, ndipo udzazinena, chifukwa amene anasankhidwa ndi anthu si iwe. Ndiponso amene anatsala pa ntchito nthawi ya Kamuzu si onse anali ogulitsa mtima. Mu 1967 Malawi anatsegula ubale wa ukazembe ndi South Africa ya tsankho, chinthu chimene dziko lina lililonse lolamulidwa ndi anthu akuda linkakana. John Vorster, nduna yaikulu ya dzikolo, anabwera kuno mu 1970, Kamuzu n'kupita kumeneko mu 1971, ndipo ndalama zoyambira kumanga Lilongwe zinachokera komweko. Mayiko anzathu anatinyoza, ndipo ndili mnyamata nanenso ndinkachita nazo manyazi. Komabe nthawi yomweyo abale athu zikwizikwi anali ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodiko, mmodzi mwa iwo ali mkulu wanga, atate ako aakulu. Munthu akavulala mumgodi, akamwalira, kapena ndalama zake zikasowa, pankafunika Mmalawi wa m'boma woti alondole nkhaniyo. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu athu oposa 70, mabanja kuno ankadikira mayina, ndipo panali ena amene anagwira ntchito yowawa yowasonkhanitsa. Wochoka ndi wotsala, aliyense anali ndi mtolo wake. Chimene ndikukupempha ndi chakuti ukhale pansi usanakwere ndege, udzifunse kuti ndi mawu ati amene sungawanene ngakhale atakutuma ndani, monga kunamizira munthu wosalakwa kapena kubisa imfa ya munthu. Malire amenewo munthu amawalemba mtima uli m'malo, chifukwa tsiku la mayeso likafika pamakhala phokoso, mantha ndi anthu okunyengerera.

Pali mbali inanso ya unkhoswe imene anthu amaiiwala. Nkhoswe ikabwera kuchokera kumene inatumidwa, imayenera kufotokoza zimene yamva monga momwe zilili, ngakhale zikhale zosakomera eni mbumba. Gawo lalikulu la ntchito yako lidzakhala kulemba malipoti opita ku Lilongwe, ndipo chiyeso chidzakhala kulemba zokondweretsa owerenga. Ngati eni dziko kumeneko akudandaula za katangale wathu, lemba kuti akudandaula. Koma posankha mawu ukumbukire zimene zinachitika mu Epulo 2011, pamene kalata yachinsinsi ya kazembe wa Britain kuno, Fergus Cochrane-Dyet, yonena kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika wayamba kulamula mwankhanza ndi kudana ndi omudzudzula, inatulukira m'nyuzipepala. Kazembeyo anapirikitsidwa, a Britain nawo anabweza wathu amene anali ku London, ndipo patapita miyezi yochepa anaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, nthawi imene ife tinali kale kugona pa mizere ya mafuta. Munthuyo ankangogwira ntchito yake, koma pepala lilibe chitseko. Masiku ano ndiye zafika poipa, poti uthenga wa pa WhatsApp umene walembera mnzako mmodzi usiku, m'mawa umapezeka uli pa Facebook. Lemba zoona, koma m'mawu oti atawerengedwa pa wailesi dzina lako lili pansi, ungathe kuwavomera. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Za ulemu umene udzapatsidwe sindinena zambiri, poti ku unduna akuphunzitsani kale za pangano la ku Vienna la 1961: kuti apolisi a kumeneko sangakumange, kuti chikwama cha makalata a ofesi sichitsegulidwa pa chipata, kuti misonkho ina sudzalipira. Zonsezo anaikira ntchito, kuti mthenga asaopsezedwe, sanaikire iwe. Chindapusa cha pamsewu uzilipira, lendi uzipereka pa nthawi yake, ndipo wachibale aliyense amene adzakupemphe kuti umudutsire katundu wa malonda m'dzina la ofesi umuuze kuti bambo anakaniza, mlanduwo ndidzausenza ine. Ngati mudzatenge mtsikana wa kuno woti azikathandiza ana, mumulipire monga mwa malamulo a kumeneko, pasipoti yake azisunga yekha, ndipo aziimba foni kwawo. Nkhani za antchito a m'nyumba zachititsapo manyazi akazembe a mayiko ambiri. Ndipo Mmalawi akabwera pa ofesi atataya pasipoti, kapena m'bale wake atamwalira, kaya ndi dokotala kaya ndi wosamalira nkhalamba amene mapepala ake anatha kale, umupatse mpando ndi kumulonjera m'chinenero chathu usanamufunse za mafomu. Kwa iyeyo, Malawi yense ndi nkhope yako tsiku limenelo.

Nkhani ya a Rubadiri sinathere ku Botswana. Anthu atavota pa riferendamu ya 1993 ndi pa chisankho cha 1994, njira ya kwawo inatseguka, ndipo mu 1997 boma la Bakili Muluzi linawatumanso ku United Nations, ku mpando womwe uja anausiya ali mnyamata, tsopano ali ndi imvi ndi zaka 67. Mu 2000 anaitanidwa kudzayendetsa Yunivesite ya Malawi. Anamwalira ku Mzuzu pa 15 Sepitembala 2018 ali ndi zaka 88, pa nthaka ya kwawo. Anzawo ena a 1964 mwayi umenewo sanauone: Yatuta Chisiza anaphedwa cha ku Mwanza mu 1967, Chipembere anamwalira ku America mu 1975, ndipo Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Sindinakumanepo nawo maso ndi maso a Rubadiri, koma tsiku limene wailesi inalengeza za imfa yawo ndinakhala pakhonde mpaka mdima, ndikukumbukira agogo ako ndi nyuzipepala zija.

Ukakafika, ukayang'ane ngati pakhoma la ofesi pali zithunzi za akazembe akale, ndipo ngati chawo chilipo, undijambulire unditumizire. Adzukulu anga uzikalankhula nawo Chichewa m'nyumba tsiku lililonse, ndi Chiyao chimene mayi ako anawaphunzitsa chija, kuti pobwera asadzafune womasulira polonjerana ndi anganga awo. Mayi ako ayanika kale usipa ndi mfutso, ndipo akuti ufunse kwa anzako amene anapitako ngati pa bwalo la ndege amalola kulowa nazo, kuopa kuti zingakathere m'bini ya azungu. Usananyamuke ubwere ugone kuno masiku awiri, tikaone pamodzi puloti ija ndi mmisiri, tipitenso kumanda kukasesa pa agogo ako. Ukakwera basi ya m'mawa ku Lilongwe, undiimbire mukafika pa Golomoti kuti ndiuze wa kabaza akakudikire pa depoti.

Ndine bambo ako.